Masiku 6 ku Hanoi ndi madola 300 okha, zitheka kapena ndikudzinamiza?

Nachisale_25

Moni nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa amene munapondako ku Vietnam makamaka ku Hanoi. Kuntchito akunditumiza ku maphunziro a masiku anayi mu Novembala, tikiti ya ndege ndi hotela ya masiku anayiwo alipira iwo, koma ine ndaganiza kuti poti ndafika kale kutali chonchi ndisangopita n'kubwerera ngati katundu, ndiwonjezere masiku 6 andekha ndiwuone mzindawo. Vuto ndi thumba. Nditakanda konsekonse ndapeza madola 300 basi, ndipo mukudziwa mmene dola ikusowera kuno, ku banki ungofola tsiku lonse n'kubwerako chimanjamanja, ndiye yowonjezera palibe.

Ndiye ndifunse, pogona potchipa koma pabwino poti mzimayi ali yekha angagone osaopa ndingapapeze pa ndalama zingati? Chakudya nanga? Ine ndi munthu wa nsima ndipo m'mimba mwanga simuchedwa kukwiya. Chachitatu mayendedwe, ndaona mavidiyo a njinga zamoto zakumeneko zili piringupiringu ngati nyerere ndipo mtima wanga wachita thi. Bambo a kunyumba akuti ndingobwerera limodzi ndi anzangawo, ine ndikuti ayi ndifunse kaye anthu.

Aphunzitsi_TayHo

Achemwali, musabwerere ndi anzanuwo, 300 ikwana ndipo chenji chitsala mukapanda kupusitsidwa tsiku loyamba. Ine ndili konkuno chaka chachiwiri, ndimaphunzitsa Chingelezi, ndimakhala mbali ya Tay Ho kunyanja yaikulu ija. Ndiyambe ndi ndalama chifukwa ndi pomwe alendo ambiri amagwera, osati pa hotela ayi.

Ndalama yakuno ndi dong, dola imodzi imapereka 25,000 ndi kakuposerapo. Ndiye madola anu 300 aja ndi 7.5 miliyoni, mudzakhala miliyoneya kkkk, koma maziro amenewa ndi omwe amazunguza mutu. Makobidi kulibe, zonse ndi zamapepala ndipo paliponse pali nkhope ya munthu mmodzimodzi, Ho Chi Minh, mtsogoleri wawo wakale. Choopsa kwambiri: ya 20,000 ndi ya 500,000 zonse ndi zabuluu. Usiku, mwatopa, mukulipira wanjinga, mumatulutsa 500,000 mukuyesa 20,000, iye athokoza mwaulemu n'kuliyatsa. Ine zinandichitikira sabata yoyamba, ndinadzazindikira m'mawa ndikuwerenga, ndinangokhala pabedi kudzitukwana ndekha. Kuyambira pamenepo za 500,000 ndimazisunga thumba lina, zing'onozing'ono thumba lina. Komanso pa menyu akalemba 50 kapena 50k akutanthauza 50,000. Madola mubweretse oyera, atsopano, osang'ambika kapena kulembedwa ndi bolopeni, akale amawakana kapena kukudulani mtengo. Pabwalo la ndege musinthe ochepa chabe oyendera, ena mukasinthe ku banki m'tauni mutatenga pasipoti.

Bwalo la ndege ndi Noi Bai, lili kunja kwa mzinda pafupifupi makilomita 30. Mwina akuntchito akakutengani pofika, koma pobwerera mudzakhala nokha ndiye dziwani basi nambala 86, ya olenji, imayenda pakati pa bwalo la ndege ndi siteshoni ya sitima kudutsa m'mbali mwa Old Quarter, chigawo chakale cha pakati pa mzinda. Ine ndinalipira 45,000, ili ndi eyakoni ndi malo oika sutikesi, pafupifupi ola limodzi. Galimoto ya pa Grab, pulogalamu ya pafoni yoitanira tekisi kapena njinga, ulendo womwewo imadya cha m'ma 300,000. Mwaona kusiyana kwake, chakudya cha tsiku lonse chimenecho.

Pogona. Kwa masiku 6 khalani ku Old Quarter, pafupi ndi nyanja yaing'ono ya Hoan Kiem, chifukwa zambiri zoti muone mudzafika wapansi ndiye ya thiransipoti ipulumuka. Bedi m'chipinda chogona anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu limayambira 150,000 mpaka 250,000, ndipo malo ambiri ali ndi zipinda za azimayi okhaokha, ndi kaloka koikamo chikwama. Chipinda chanuchanu chokhala ndi shawa ya madzi otentha ndi eyakoni 400,000 mpaka 550,000 mupeza, ena amaphatikiza ndi kadzutsa. Yang'anani pa intaneti pa Agoda kapena Booking koma musangoona zithunzi, werengani zomwe anthu alemba posachedwapa. Nyumba zakumeneko ndi zopapatiza kutsogolo koma zazitali kulowa mkati, mamita atatu anayi m'lifupi n'kukwera nsanjika zisanu zisanu ndi ziwiri, ndiye zipinda zapakati zilibe windo ndi pang'ono pomwe. Funsani ziwiri musanalipire: windo lilipo? Chikepe chilipo? Apo ayi mudzanyamula sutikesi pamasitepe opapatiza mpaka kumwamba mukupumira m'mwamba. Akakupemphani pasipoti pa risepushoni musadabwe, lamulo limawauza kuti alembetse mlendo aliyense ku polisi, koma akajambula muitenge, musawasiyire.

Ndiye tiwerenge. Chipinda 450,000 kwa masiku 6 ndi 2.7 miliyoni. Chakudya 250,000 patsiku mukudya bwino ndithu, ndi 1.5 miliyoni. Mayendedwe muike 100,000 patsiku. Zonse sizikufika 5 miliyoni, yotsalayo ndi ya zolowera malo, ulendo umodzi wotuluka mumzinda, ndi kamphatso ka bambo akunyumbawo kuti aziti munachita bwino kutsala.

Za chakudya, nsima muiwale kwa masiku khumi, simufa. Chimene chidzakupulumutseni ndi malo olembedwa kuti com binh dan, kutanthauza mpunga wa anthu wamba. Ali ngati malesitilanti athu a mumsika aja: ndiwo zili poonekera m'mathireyi, inu mumangoloza ndi chala, nkhuku, nsomba, mazira, nyemba zaziwisi, kabichi, mtedza wokazinga, amakuunjikirani pa mbale ya mpunga, 35,000 mpaka 50,000 mwakhuta. Pali masamba ena amati rau muong, amakazinga ndi adyo, mukadya mudzakumbuka kholowa. Pitani cha m'ma 11 koloko mpaka 12 pomwe ogwira ntchito akudya, ikamakwana 1 koloko zabwino zatha. M'mawa pho, supu ya nyama ya ng'ombe kapena nkhuku yokhala ndi manudozi a mpunga, 40,000 mpaka 60,000, imabwera ikuwira ndiye kwa m'mimba mwanu ndi yabwino. Banh mi ndi buledi wautali woikamo dzira kapena nyama ndi masamba, 25,000 kapena 30,000, iyi ndi ya tsiku lomwe thumba lalira. Madzulo m'misewu amagulitsa chimanga chophika ndi chootcha komanso mbatata yootcha pamakala, fungo lake mungayese muli pa depoti kwathu.

Lamulo langa ndi limodzi, pomwe padzaza eni dziko atakhala pa timipando tapulasitiki tating'ono ngati ta ku mkombaphala, ndipo pakuphikidwa chinthu chimodzi chokha, idyani pamenepo. Pomwe pali mnyamata pakhomo atanyamula menyu ya zithunzi ya masamba khumi akukukodolani, dutsani. Madzi a pampopi osamwa, botolo lalikulu ndi 10,000 kapena 15,000 m'mashopu ang'onoang'ono.

Che_Mussa_Limbe

Aphunzitsi afotokoza bwino koma pali pena ndisiyane nawo. Ine ndinapitako kawiri pa nkhani za bizinesi, kukaona nsapato ndi zikwama, ndinkagona konko ku Old Quarter. Zogona m'chipinda cha anthu ambiri mayi ndikukanizani. Izo ndi za achinyamata achizungu oyenda ndi zikwama kumsana, amabwera 2 koloko usiku ataledzera, magetsi kuyatsa, mapepala kuphwatula, inu munthu wamkulu wapabanja mupirira zimenezo chifukwa cha 200,000? Tengani chipinda chanu. Ndipo musatenge pafupi ndi msewu wa Ta Hien kapena Luong Ngoc Quyen, ndi komwe kuli mowa, phokoso mpaka pakati pa usiku. Chakumpoto kufupi ndi msika wa Dong Xuan kapena chakumadzulo kufupi ndi tchalitchi chachikulu cha St Joseph kuliko bwino.

Za windo zija ndi zoona ndipo musazitenge mwachibwana. Ulendo woyamba ndinagwira chipinda chotchipa kwambiri, pa chithunzi panali katani wokongola, nditafika ndikukoka katani uja kumbuyo kwake khoma kkkk. Fungo la chinyontho, zovala zosauma, m'mawa osadziwa kuti kwacha, Swala ya m'bandakucha ndinaiphonya masiku awiri. Nditadandaula anandiuza kuti cha windo ndiwonjezere 100,000, ndinawonjezera basi. Chinanso, mahotela ena amatengerana mayina, dzina limodzi mahotela atatu, ndiye musamuuze woyendetsa dzina lokha, muonetseni adiresi yonse ndi nambala ya nyumba pafoni.

Tekisi yongoimika pamsewu kapena ya anthu okuthamangirani potuluka pabwalo la ndege musakwere. Ine ndinakwera ina kuchokera ku siteshoni ya sitima, kamita kake kakuthamanga ngati kakuthawa galu, ulendo wa mphindi khumi akuti 400,000. Tinakangana, iye Chivietinamu ine Chiyao, pomaliza ndinalipira 200,000 n'kutsika, koma ngakhale imeneyo anandidya. Kuchokera tsiku limenelo ndi Grab basi, mtengo umaoneka usanakwere, palibe zokambirana. Palinso ina amati Xanh SM, magalimoto amagetsi a VinFast obiriwira mowala, aukhondo kwambiri, nayo ndi ya pafoni.

Tsopano kwa Asilamu anzanga amene muwerenge izi, ndi ena osadya nkhumba: kumeneko nkhumba ili paliponse, mu buledi, mu supu, m'zokulungakulunga zija, ngakhale ndiwo zamasamba nthawi zina amakazingira mafuta ake. Mawu oti muwadziwe ndi lon kapena heo, ndiye nkhumba imeneyo. Bo ndi ng'ombe, ga ndi nkhuku, ca ndi nsomba. Mzikiti ulipo umodzi ku Old Quarter, Al-Noor, pa msewu wa Hang Luoc, ndipo chapafupi pamenepo mupeza malo a halal, ambiri a Amwenye, kungoti mtengo wake ndi wokwererapo. Malo olembedwa chay ndi a zamasamba zokhazokha, a Chibuda, otchipa, ine ndinkadya kumeneko kawirikawiri. Ndipo mukaona chikwangwani cholembedwa thit cho pitirirani, ameneyo ndi galu, sindikuseka.

Pa msika wa Dong Xuan mtengo woyamba osavomera, koma osapitanso m'mawa kwambiri kukangofunsa osagula, amakhulupirira kuti kasitomala woyamba akachoka osagula tsiku lonse malonda sayenda, amakuyang'ana ndi diso loipa. Zofanana ndi amayi ena a mu Limbe momwemu.

waku_Ulongwe

Ine sindinapiteko koma ndingoponyapo kamodzi. Ife kuno ku Angonia netiweki imene imagwira mpaka kumidzi ndi Movitel, ndipo eni ake ena ndi a Viettel a ku Vietnam komweko, anabwera mu 2012 n'kudzala mapolo mpaka kumapiri komwe ena ankakana. Halotel ya ku Tanzania ndi omwewonso. Ndiye mana mukafika gulani simu ya Viettel, ngati imagwira kwathu kuno kuli bwanji kwawo kkkk. Mutiuzeko ngati bandulo yake ndi yotchipa.

Aphunzitsi_TayHo

@waku_Ulongwe zoona akulu, Viettel ndi yomwe ndimagwiritsa, ena ndi Vinaphone ndi Mobifone. Ya mwezi wonse ya intaneti yokwanira ndimalipira osapitirira 200,000. Achemwali mukagule ku shopu yawo yeniyeni mutatenga pasipoti kuti ailembetse m'dzina lanu. Popanda intaneti Grab siyenda, mapu sayenda, womasulira wa pafoni sayenda, ndiye iyi ndi ndalama yoyamba kutulutsa. Adaputala musaiwale, masoketi akuno ndi a mabowo awiri, pulagi yathu ya mano atatu siilowa.

Joni_Boy

Kkkk anthu inu mukumunamiza sisiyu. 300 ikwana ngati akupita kukasala kudya. Ine ndinapita ndi mnzanga kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Doha, tinati tiwononga pang'ono, tsiku lachinayi tikufufuza ATM. Osati zinthu ndi zodula ayi, vuto ndi loti chilichonse ndi chotchipa ndiye umangoti aaa kadola kamodzi aka, aaa timadola tiwiri iti, kakhofi apa, kajuwisi ka nzimbe apo, kamasaji ka mapazi, kamalaya, pofika madzulo miliyoni yapita osadziwa kuti yalowera kuti. Ndipo ATM yake imadula pa kutapa kulikonse kenako banki yako kwanu idulanso, makina ambiri amangokupatsa 2 kapena 3 miliyoni nthawi imodzi. Khadi ya ku Malawi musaidalire sisi, nyamulani ndalama m'manja.

Koma mowa eeh. Pali wina amati bia hoi, amafulula tsiku lomwelo n'kubwera nawo m'migolo, wopepuka ngati madzi, tambula imodzi tinkagula 10,000 pena 15,000, sindinaonepo mowa wotchipa chonchi chibadwire. Umakhala pakampando pamphambano mawondo ali kukhosi, mtedza wophika pambali, njinga zikukudutsa pamphuno. Ngati simumwa pitani mukangoona Lachisanu usiku, misewu yozungulira nyanja ya Hoan Kiem amaitseka magalimoto osalowa mpaka Lamlungu usiku, ana kusewera, magule, oimba, msika wausiku kuyambira Hang Dao mpaka Dong Xuan, zonsezo ulere.

Zowoloka msewu ndikuuzeni ine chifukwa ndinaima pamalo amodzi mphindi khumi ngati chitsa mpaka gogo wina wosenza madengu awiri pa mtengo paphewa anandigwira dzanja n'kundiwolotsa ngati mwana wa sitandade 1, manyazi ake. Njinga zija siziima. Umangolowa pang'onopang'ono, liwiro limodzi, iwo amakuzemba okha. Osathamanga, osabwerera m'mbuyo, osaima mwadzidzidzi. Basi ndi galimoto zokha ndiye uzipatse njira, izo sizizemba munthu. Ndipo kumbukirani amayenda kumanja osati kumanzere ngati kwathu ndi ku Joni, ndiye diso loyamba kumanzere, ngakhale kunena zoona zimachokera mbali zonse, ngakhale pa khonde la oyenda pansi pomwe.

Wina asakunamizeni ndi amayi a madengu a zinanazi amene amakuika mtengo wawo paphewa ndi chipewa kumutu kuti ujambulitse, ukajambula akuti gula, kathumba ka zinanazi 150,000. Ndi anyamata opolisha nsapato, amangoyamba kumata guluu nsapato yako usanavomere. Ingomwetulirani n'kupukusa mutu mukuyenda.

Nachisale_25

Kkkkk a Joni_Boy mwandiseketsa mpaka ana akundifunsa. Ine sindimwa ndiye ya mowa yapulumuka kale, koma za timadola tiwiritiwiri mwanenazo ndazimva, ndimadzidziwa pa nsalu ndi zikwama. Zikomo nonse, Che Mussa chipinda ndatsimikiza chikhala changachanga cha windo. Aphunzitsi ndifunsenso, viza akuntchito akuti aliyense adzipangire yekha adzatibwezera, ndiyambire pati? Kuzizira kulipo mu Novembala? Ndipo kabaza wakumenekoyo mzimayi wa chitenje angakwere? Komanso ulendo umodzi wotuluka mumzinda munanena uja ndipite kuti, ndinamva za Ha Long.

Aphunzitsi_TayHo

Viza ndi ya pa intaneti, kuyambira pa 15 Ogasiti 2023 anatsegulira anthu a mayiko onse, ife Amalawi tili momwemo. Yolowa kamodzi ndi madola 25, yolowa kangapo 50, imafika masiku 90. Lembani pa tsamba la boma lenileni, limathera ndi gov.vn, chifukwa pali masamba ambiri ofanana nalo a anthu apakati amene amakulipiritsa katatu. Amati imatuluka m'masiku atatu ogwira ntchito koma inu yambani kudakali masabata atatu, dzina lilembedwe ndendende ngati mu pasipoti, polowera musankhe Noi Bai, tsiku lotuluka muwerengere ndi masiku 6 anu aja osati a maphunziro okha. Mukaipulinte papepala, a ndege amaifuna musanakwere.

Novembala mwasankha bwino, ndi nyengo yokoma kuno, kutentha kwa Juni mpaka Ogasiti kwatha, kuzizira kwenikweni kwa Disembala ndi Januwale sikunafike. Juzi imodzi yopepuka ikwana. Cha mu Januwale ndiye kumakhala ngati Dedza mu Juni, kamvula kowaza ngati chiperoni, m'nyumba mopanda chotenthetsera. Chovuta miyezi imeneyi ndi mpweya, masiku ena kumachita chifunga cha utsi, gulani kamasiki monga amachitira eni ake.

Kabaza wakuno amati xe om, ndipo mawuwo akutanthauza galimoto yokumbatira kkkk, koma musamukumbatire, pali chogwirira kumbuyo. Muitaneni pa Grab kapena Be, amabwera atavala jekete la kampani ndi helimeti yanu, helimeti ndi lamulo kuyambira 2007. Maulendo a m'tauni 15,000 mpaka 30,000. Onani nambala ya njinga ngati ikufanana ndi ya pafoni musanakwere. Atsikana akuno a masiketi amakhala cham'mbali miyendo mbali imodzi koma inu musayesere, valani thalauzi tsiku la njinga, chitenje mumange pamwamba ngati mukufuna. Potsika tsikirani kumanzere, paipi ya utsi ili kumanja imawotcha mwendo, chipsera changa chilipobe. Foni osaitulutsa muli panjinga. Mabasi a m'tauni ndi 8,000 kapena 10,000, kondakitala amabwera yekha kudzakudulirani tikiti, palibe zoitanira kapena kudikira kuti idzaze. Sitima ya m'mwamba ya Cat Linh mpaka Ha Dong inayamba mu Novembala 2021, siipita komwe kuli zoona alendo kwenikweni koma kwerani tsiku lina mungoona mzinda kuchokera pamwamba, sifika 20,000.

Ha Long, kunyanja yamchere kwa tizilumba tamiyala, ndi yokongola, sindikana, koma pa thumba lanu ine ndikuti Ninh Binh. Ha Long ya tsiku limodzi mumathera maola asanu kapena kuposa mumsewu kupita ndi kubwera, maola ochepa pamadzi, ndipo yabwino imadya kupitirira miliyoni, yotchipitsitsa ija ndi yomwe anthu amabwerako akudandaula. Ninh Binh mukwera sitima m'mawa pa siteshoni ya pa msewu wa Le Duan, maola awiri ndi pang'ono, tikiti ya mpando wofewa ine ndinagula cha m'ma 100,000. Kumeneko mapiri amiyala atuluka m'minda ya mpunga ngati mano, mumakwera kabwato kopalasa n'kumalowa m'mapanga pansi pa phiri mutawerama. Ku Trang An ndinalipira 250,000, maola pafupifupi atatu pamadzi. Ku Tam Coc amayi opalasa amapalasa ndi mapazi atatsamira kumbuyo manja ali pa ambulera, ine wa ku Nkhotakota wokulira pa bwato ndinangoti kukamwa yasa. Kawapatseni kenakake pomaliza, ntchito ija ndi yowawa. Madzulo mwabwerera ku Hanoi, ndalama yosafika 800,000 ndi chakudya chomwe.

M'tauni momwemo zaulere ndi zotchipa zilipo zambiri. Dzukani 5:30 tsiku limodzi mupite ku Hoan Kiem mukaone agogo akuvina ndi kuchita majowajowa m'magulu, wailesi ili pansi, ena akuseka mokweza dala ati ndi mankhwala. Mlatho wa Long Bien womwe Afalansa anamaliza mu 1902 mumawoloka wapansi, sitima ikudutsa pakati, pansi minda ya nthochi pa mtsinje wa Red River. Temple of Literature ndi ya mu 1070, yunivesite yawo yoyamba inali mmenemo, polowa ndinalipira 70,000. Kumanda a Ho Chi Minh ku Ba Dinh amatsegula m'mawa wokha, Lolemba ndi Lachisanu ayi, ndipo si ngati a Kamuzu ku Lilongwe oti umangoona chipilala, kuno thupi lenilenilo umaliona m'galasi, munthu anamwalira 1969. Mapewa ndi mawondo zibisike, apa ndiye chitenje chanu chigwira ntchito, osayankhula, osaika manja m'thumba, asilikali ake samwetulira.

Tsiku limodzi dzipatseni bun cha masana, ngati nkhumba mumadya: kanyenya wootcha pamakala woviika mu msuzi wotsekemera pang'ono, manudozi ozizira ndi mulu wa masamba. Obama anadya imeneyi mu 2016 ndi Anthony Bourdain, wophika wa pa TV wa ku America, pa lesitilanti ya Huong Lien, msewu wa Le Van Huu, tebulo lomwe anakhalapo analitsekera m'galasi, koma pangodya iliyonse pomwe mukuona utsi wa makala cha m'ma 11 mupeza yabwino pa 50,000. Masamba aawisiwo kwa inu a m'mimba mwachangu dikirani kaye masiku awiri atatu. Msuzi wina wofiirira wotuwa amati mam tom, wa ma shrimp ang'onoang'ono owoletsa, fungo lake usipa wovunda uchepa, musayambire umenewo. Ndipo khofi wa dzira mulawe ku Giang pa Nguyen Huu Huan, mwini wake woyamba ndi amene anamuyambitsa mu 1946 mkaka ukusowa, amapuntha yolki ya dzira ndi mkaka wa m'chitini mpaka thovu, zimamveka zonyansa koma ndi ngati kasitadi. Khofi wakuno ndi waukali, dziko lino ndi lachiwiri kwa Brazil pa ulimi wa khofi, mukamwa madzulo mugona 3 koloko.

Chimodzi chomwe sitinanene: anthu akuda kuno ndi ochepa, adzakuyang'anani, ena adzapempha kujambula nanu, amayi a mumsika mwina adzagwira tsitsi lanu ngati mwaluka osapempha n'komwe. Poyamba zinkandinyansa, pano ndimangoti xin chao n'kuseka, ambiri ndi chidwi chabe. Amaitanana ngati ife ndi maina a chibale, mzimayi wokulirapo ndi chi, mwamuna wokulirapo ndi anh, wamng'ono kwa inu ndi em, ndiye mukafuna kulipira pa lesitilanti mungokuwa kuti em oi, abwera. Cam on ndi zikomo. Kathaulo konyowa ka m'pepala komwe amaika patebulo mukatsegula amawerengera 2,000 kapena 3,000, si kaulere.

Mukamabwera mundinyamulireko ufa woyera makilo awiri ndi Nali mmodzi, ine ndidzakuperekezani pa 86.

Che_Mussa_Limbe

Aphunzitsi ufa woyera m'chikwama pabwalo la ndege la eni ake, mukufuna mayiwa akafotokoze m'chinenero chanji kuti ndi nsima? Mayi tengani wa m'paketi wolembedwa bwinobwino wa m'shopu, wa kuchigayo wa mujumbo usiyeni.